Python 3.10 ndi 3.12 pa laputopu imodzi: ndithandizeni ndisanakhudze Ubuntu

Tadala:
Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndikufuna maganizo anu ndisanachite zomwe ndawerenga pa intaneti. Kuntchito ndimayang'anira pulogalamu yolembera katundu wolowa ndi wotuluka mu sitolo. Anailemba munthu wina yemwe anachoka kale. Ili pa Django 3.2 (chida cha Python chopangira mawebusayiti) ndipo pa seva ikuyenda ndi Python 3.10. Laputopu yanga inali pa Ubuntu 22.04 ndipo zonse zinkayenda bwinobwino. Nditakweza kupita pa 24.04, ndikalowa mu foda ya pulojekiti n'kuyatsa venv (foda yapadera yosungamo mapukusi a Python a pulojekiti imodzi), inayamba kunena kuti No module named django. Ndinapanga venv ina, ndinaikamo zonse za mu requirements.txt, koma pano ndikalemba python manage.py runserver ikugwa ndi mawu awa:

ModuleNotFoundError: No module named 'distutils'

Penapake akuti ndiike Python 3.10 kenako ndigwiritse ntchito update-alternatives kuti python3 izilozera ku 3.10. Kodi ndi njira yabwino imeneyi? Vuto lina n'lakuti 3.12 ndikuifunanso, maphunziro omwe ndikuchita madzulo akugwiritsa ntchito iyoyo. Ziwirizi zingakhale pa makina amodzi?

Kondwani:
Zingakhale asisi, ngakhale zinayi. Koma za update-alternatives pa python3 zisiyeni kaye, musakhudze. Ndili mu minibasi, ndikatsika ndifotokoza bwino.

Mphatso:
Ingoikani setuptools mu venv yanuyo. pip install setuptools basi. Imabwera ndi distutils yakeyake ndipo error imeneyo imatha pompo. Palibe chifukwa chotsitsa Python ina n'kutha bandulo.

Tadala:
Ndayesa a Mphatso, runserver yayambadi. Ndiye nkhani yatha?

A Mbewe:
Sinathe, Tadala. Zomwe anena a Mphatso n'zoona, uthenga wa error umachoka. Koma Django 3.2 anaipanga n'kuiyesa pa Python 3.6 mpaka 3.10. Pa 3.12 eni ake sanalonjeze chilichonse. Lero yayamba, koma simukudziwa pomwe idzagwere, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti laputopu yanu ndi seva zasiyana tsopano. Mutha kulemba chinthu chomwe 3.12 ikuchilola, pa inu chiyenda, mukachitumiza ku seva ya 3.10 chikagwa anthu ali pa ntchito. Pulogalamu yomwe anthu amawerengera katundu iyesedwe pa Python yomweyo yomwe ili pa seva.

Ndifotokozeponso chomwe chinachitika poyamba paja, chifukwa chidzachitikiranso ena pano. Ubuntu 22.04 imabwera ndi Python 3.10, pamene 24.04 imabwera ndi 3.12. Mukapanga venv ndi python3 -m venv, mkati mwake simukhala Python yathunthu ayi. Mumangokhala kalozera kopita ku /usr/bin/python3. Mutakweza Ubuntu, kalozerako kanayamba kufika pa 3.12. Ndiye 3.12 inkafunafuna Django mu foda ya lib/python3.12, pamene Django yanu inali phee mu lib/python3.10. Palibe chomwe chinafufutika, zinangosemphana.

Za distutils, imeneyo anaichotsa mu Python 3.12 yomwe inatuluka mu Okutobala 2023. Django 3.2 imaitana distutils poyamba penipeni, n'chifukwa chake ikugwa isanachite kanthu.

Mphatso:
Ndamva aphunzitsi. Ine ndimaganizira za bandulo chabe. Koma mfundo ya seva ija sindingatsutse.

Kondwani:
Ndafika. A Mbewe anena kale zambiri. Ine ndiwonjezere za update-alternatives.

Python yomwe imabwera ndi Ubuntu si yanu, ndi ya Ubuntu. Ili ngati mzati wapakati pa nyumba, zinthu zambiri zatsamira pomwepo osaoneka. add-apt-repository ndi Python. Kauthenga kokuuzani kuti command yomwe mwalemba kulibe, muike phukusi lakuti, ndi Python. Software Updater ndi Python. Zonsezi zimadalira tizigawo tomwe tinamangidwira 3.12 yokha. Tayang'anani nokha, lembani izi:

ls /usr/lib/python3/dist-packages | grep apt_pkg

Muona fayilo yomwe dzina lake lili ndi cpython-312 pakati. Nambala imeneyo ikutanthauza kuti 3.10 singaiwerenge. Mukangotembenuza python3 kuti ikhale 3.10, apt update iyamba kumaliza ndi No module named 'apt_pkg', ndipo kwa anthu ambiri Terminal imakana n'kutseguka komwe. Ndiye ganizirani, chida chomwe mukanakonzera vutolo n'chomwe chatsekeka.

Njira yake ndi kuika 3.10 pambali, ndi dzina lakelake python3.10, n'kumaiitana ndi dzina lonse. python3 isiyeni momwe ilili.

Tadala:
Ndaiona fayiloyo, apt_pkg.cpython-312-x86_64-linux-gnu.so. Zikomo kuti mwandiimitsa. Nanga 3.10 ndiitenga kuti? Ndalemba sudo apt install python3.10 ikuti phukusi lotero silikupezeka.

Kondwani:
Ubuntu 24.04 imasunga Python 3.12 yokha m'nkhokwe yake. Pali PPA (nkhokwe yapambali ya mapukusi a Ubuntu) yotchedwa deadsnakes yomwe ntchito yake ndi imeneyi, kupereka ma Python ena omwe Ubuntu yanu ilibe. Chitani motere:

sudo add-apt-repository ppa:deadsnakes/ppa
sudo apt update
sudo apt install python3.10 python3.10-venv python3.10-dev

Ya venv musaiiwale, pa Ubuntu imabwera payokha. Ya dev ikufunika ngati mu requirements muli zinthu zofuna kumangidwa pa makina anu, monga mysqlclient kapena psycopg2. Mukatero lowani mu foda ya pulojekiti, fufutani venv ya 3.12 ija, kenako:

python3.10 -m venv .venv
source .venv/bin/activate
python --version

Ikuyenera kunena 3.10. Ndiye python -m pip install -r requirements.txt. Mu foda ya maphunziro anu amadzulo pangani chimodzimodzi koma ndi python3.12. Pulojekiti iliyonse ndi venv yake, ndipo venv iliyonse imakumbukira Python yomwe inaipanga.

A Mbewe:
Tsindikani pamenepo, Kondwani: python3.10 -m venv, osati python3 -m venv. Mukatchula nambala, kalozera ka mu venv kamapita ku /usr/bin/python3.10, ndiye ngakhale python3 itasintha mtsogolo, venv yanu siisochera malinga 3.10 ikadalipo pa makinapo.

Komanso dziwani kuti deadsnakes si ya Canonical, kampani yopanga Ubuntu, ndi ya anthu odzipereka. Iwo eni analemba poyera kuti sakulonjeza kutulutsa zokonza za chitetezo mwamsanga, ndipo woigwiritsa ntchito pa seva adziwe yekha. Pa laputopu yolembera ndilibe nayo vuto. Pa seva ya anthu ndimaganiza kawiri.

Yamikani:
Ine ndimakonda pyenv kuposa deadsnakes. Sifuna sudo, zonse imaika mu ~/.pyenv/versions, ndipo imagwira pa Linux iliyonse ndi pa Mac, osati Ubuntu yokha. pyenv install 3.10, kenako mu foda ya pulojekiti pyenv local 3.10. Imalemba kafayilo kotchedwa .python-version, ndipo nthawi iliyonse mukalowa mu foda imeneyo n'kulemba python, imadzuka 3.10 yokha. Mukatuluka n'kulowa foda ina imabwerera ku ina. Kafayilo kameneka mukakaika mu git, mnzanu wa kuntchito amadziwiratu Python yofunika popanda kufunsa.

Tadala:
Imadziwa bwanji kuti ndalowa mu foda ina? Pamenepo ndiye pakundizunguza.

Yamikani:
Siyang'anira kuti mwalowa kapena mwatuluka. Chomwe imachita ndi kuika foda yake ya ~/.pyenv/shims kutsogolo kwa PATH. PATH ndi mndandanda wa mafoda omwe terminal imafufuzamo mukalemba command, kuyambira kumanzere, ndipo yoyamba kupezeka ndi yomwe imayenda. Lembani echo $PATH muuone. Ndiye mukalemba python, choyamba kupezeka ndi kapulogalamu kakang'ono ka pyenv. Kameneko ndi komwe kamafunsa motsatana: kodi PYENV_VERSION yaikidwa mu terminal ino? Ngati ayi, kodi mu foda ino muli .python-version? Ngati mulibe kamakwera foda ya pamwamba, n'kukweranso, mpaka kumapeto. Kakasowa konse kamawerenga ~/.pyenv/version, yomwe imalembedwa ndi pyenv global. Kakapeza yankho kamapereka ntchito kwa Python yeniyeniyo.

Mapulogalamu a Ubuntu sakhudzidwa chifukwa pamwamba pawo analemba /usr/bin/python3 mwachindunji, sadutsa pa shims.

Chisomo:
Achimwene a Yamikani, muwauzenso mbali inayo. pyenv simatsitsa Python yopangidwa kale. Imatsitsa source code n'kuimanga pa makina anu. Pa laputopu yakale ya ma core awiri fani imalira nthawi yaitali, ndipo ngati batire ndi lakufa, magetsi akangothima pakati muyambiranso. Kwa ife omwe timagwira ntchito moyang'ana nthawi ya magetsi, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chomwe chimapweteka anthu ambiri, muyenera kuika zomangira musanayambe: build-essential, libssl-dev, zlib1g-dev, libbz2-dev, libreadline-dev, libsqlite3-dev, libffi-dev, liblzma-dev. Mukaiwala libsqlite3-dev, pyenv siima ayi. Imangolemba chenjezo m'mizere yomaliza, n'kunena kuti yamaliza. Python imadzuka bwinobwino. Tsiku lomwe mudzayatse Django pa SQLite ndi pomwe mudzaone No module named '_sqlite3', ndipo mankhwala ake ndi kuika phukusilo n'kumanganso Python yonse. Ndathandizapo anthu angapo pa vuto lomweli. Choncho a Tadala, mukasankha pyenv, mizere yomaliza ija muiwerenge.

Yamikani:
Zoona zimenezo. Za magetsi, pali kothandiza pang'ono: pangani foda ya ~/.pyenv/cache musanayambe. Ikakhalapo, pyenv imasunga fayilo yomwe yatsitsa mmenemo, ndiye mukayambiranso simulipiranso bandulo. Mutha kutenganso fayilo ya Python-3.10 ya .tar.xz kwa mnzanu pa flash n'kuiponya mu foda imeneyo, bola nambala yake yonse ifanane ndi yomwe mukuika.

Limbani:
Moni kuchokera ku Johannesburg. Kuno komwe ndikugwira ntchito zonsezi tinazisiya, chilichonse chili mu Docker, chida chomwe chimaika pulogalamu ndi zonse zomwe ikufuna mu bokosi lakelake. Mulemba FROM python:3.10-slim pamwamba pa Dockerfile, nkhani yatha. Pa laputopu simuikapo Python ina iliyonse, ndipo chomwe chikuyenda pa inu n'chomwecho chomwe chikayende pa seva, mpaka ma library a pansi omwe. Kwa ine yankho lenileni la vuto la a Tadala ndi limeneli.

Chisomo:
A Limbani, kumeneko muli pa fibre. Docker imatsitsa image ya Python, ina ya database, ndipo mukasintha requirements imatsitsanso mapukusi pomanga. Munthu wa bandulo ya pa foni amamva kuwawa. Komanso seva ya a Tadala siili pa Docker. Ndiye kuti afanane ndi seva ayambe kusintha seva yomwe, pamene iwo angofuna runserver iyambe lero.

Limbani:
Pa za seva mwandigwira. Ngati seva ili ndi Python 3.10 ndi venv wamba, venv ya 3.10 pa laputopu ndiye yofanana nayo kwambiri. Koma a Tadala, tsiku lomwe mudzasamutse pulogalamuyo kupita pa seva yatsopano, Docker muiganizire. Pa Linux siilemera ngati pa Windows, chifukwa siifuna makina ena onamizira pansi pake.

Thoko:
Pepani ndilowerere. Ine ndili pa Windows ndipo vuto langa ndi lofanana. Ndili ndi 3.12, kusukulu akufuna 3.10 pa phunziro lina. Ndikaika yachiwiri siifufuta yoyamba? Komanso pa kompyuta ya mng'ono wanga tikalemba python mu cmd imatsegula Microsoft Store m'malo mwa Python.

Kondwani:
A Thoko, pa Windows ndiye pophweka kuposa ponse. 3.10 ndi 3.12 zimalowa m'mafoda osiyana, Python310 ndi Python312, sizifufutana. Zomwe zimalowana m'malo ndi za nambala yachitatu, monga 3.12.1 ndi 3.12.2. Installer ya ku python.org imabwera ndi kapulogalamu kotchedwa py, kakhalapo kuyambira pa Python 3.3. Lembani:

py -0p

Ikuonetsani ma Python onse omwe ali pa makinawo ndi komwe ali. Kuti muyatse yomwe mukufuna, py -3.10 kapena py -3.12. Kupanga venv:

py -3.10 -m venv .venv
.venv\Scripts\activate

Poika yachiwiriyo, kabokosi koti muiwonjezere pa PATH musakachonge. Mukachonga pa zonse ziwiri, mawu oti python azidzutsa yomwe ili patsogolo pa mndandanda, ndipo mudzadabwa kuti pip yaika zinthu kwina. Ndi py simufunanso PATH.

Chinanso, pa tsamba la python.org mukafuna 3.10 ya Windows tengani 3.10.11. Imeneyo ndi yomaliza kukhala ndi installer. Zotuluka pambuyo pake ndi zokonza chitetezo zokha ndipo zili mu source code basi.

Za Microsoft Store, Windows ili ndi python.exe yonamizira yomwe ntchito yake ndi kukutumizani ku Store. Pitani ku Settings, fufuzani App execution aliases, muzimitse python.exe ndi python3.exe. Lembaninso where python mu cmd kuti muone zonse zomwe zikuyankha ku dzina limenelo.

Thoko:
Zatheka, py -0p ikuonetsa ziwiri. Koma activate ikukana mu PowerShell, ikuti running scripts is disabled.

Kondwani:
Mwina tsegulani cmd m'malo mwa PowerShell, kapena lembani kamodzi kokha:

Set-ExecutionPolicy -Scope CurrentUser RemoteSigned

Chisomo:
Ndikudabwa kuti mpaka pano palibe watchula uv. Ndi chida cha kampani ya Astral, chinatuluka mu 2024, cholembedwa mu Rust. Kusiyana kwake ndi pyenv n'kwakuti chimatsitsa Python yomangidwa kale, ndiye palibe za fani kulira kapena libsqlite3-dev kuiwalika.

uv python install 3.10
uv venv --python 3.10
uv pip install -r requirements.txt

Sichifuna sudo, sichikhudza python3 ya Ubuntu, chimayenda pa Linux, Mac ndi Windows mofanana, ndipo chimawerenga .python-version yomwe a Yamikani amanena ija. Chomwe ndimachikondera kwambiri ndi cache. Phukusi lomwe mwatsitsa kamodzi chimalisunga pamalo amodzi n'kumalilumikiza ku venv iliyonse yomwe ikulifuna, ndiye ma venv ambiri sadya disk kambirimbiri. Chongodziwa n'chakuti venv yopangidwa ndi uv simukhala pip mkati pokhapokha muwonjezere --seed. Mukalemba pip install mwachizolowezi mutha kupeza kuti mwaitana pip ya kunja.

A Mbewe:
uv ndaiyesa ndipo ndi yachangu zedi, sindikana. Koma kwa munthu yemwe akukumana ndi nkhaniyi koyamba ndimafuna ayambe waona ndi maso ake chomwe chikuchitika. Zida izi zimasintha. Tinali ndi virtualenv, kunabwera pyenv, conda, pipenv, poetry, lero uv. Chomwe sichinasinthe ndi funso limodzi: ndikalemba python, fayilo iti yeniyeni yomwe ikudzuka? Wodziwa kuyankha funso limeneli savutika ndi chida chilichonse.

Tadala, mukapanga venv yanu tsegulani kafayilo ka .venv/pyvenv.cfg. Ndi timizere tochepa. Muona home = /usr/bin, muona include-system-site-packages = false, muona version ndi nambala yake. Kenako lembani ls -l .venv/bin/python* muone mivi ikuloza kuti. Ndiye yatsani venv, lembani echo $PATH, muona kuti activate yangoika .venv/bin kutsogolo kwa mndandanda. Palibenso china chachikulu chomwe imachita. Ndipo nthawi iliyonse mukakayikira:

python -c "import sys; print(sys.executable)"

Ophunzira anga ndimawauza kuti asanandiitane kuti pip yaika koma import ikukana, ayambe alemba mzere umenewu. Kawirikawiri yankho limakhala pomwepo: pip inali ya Python ina, python inali ina. N'chifukwa chake ndimalimbikira python -m pip osati pip yokha. Mukatero pip imakhala ya Python yomweyo yomwe mwaitana.

Mphatso:
Aphunzitsi, nanga ija ya externally-managed-environment? Pa 24.04 ndikalemba pip install kunja kwa venv imakana. Anthu amati tiziwonjezera --break-system-packages.

A Mbewe:
Dzina lakelo likunena lokha chomwe mukuvomera. Chiletso chimenecho chinachokera mu chikalata cha Python chotchedwa PEP 668, ndipo Debian 12 ndi Ubuntu kuyambira 23.04 anachitsatira. Cholinga chake n'chomwe Kondwani wafotokoza: pip isalembe pamwamba pa mapukusi omwe apt inaika, omwe Ubuntu ikuwadalira. Kale anthu ankalemba sudo pip install n'kukweza library yomwe chida china cha dongosolo chinkafuna yakale. Ikakukanizani, pangani venv. Ngati ndi chida choti muzichiitana paliponse, monga black kapena httpie, gwiritsani ntchito pipx, imachipangira venv yakeyake mwakachetechete.

Poti tatchula njira zonse, nditchulenso yakale yomwe ndimagwiritsabe ntchito pa seva. Kutsitsa source ku python.org, ./configure, make, kenako sudo make altinstall. Mawu oti altinstall ndiwo ofunika. make install wamba imapanga python3 mu /usr/local/bin, ndipo foda imeneyo ili patsogolo pa /usr/bin pa PATH, ndiye mwaphimba python3 ya dongosolo osadziwa. altinstall imangoika python3.10 ndi dzina lake lonse.

Yamikani:
Wina akadzapezeka kuti anasintha kale python3 ndipo Terminal ikukana, asafulumire kuikanso Ubuntu. Ctrl+Alt+F3 imakupatsani polembera popanda zithunzi. Lowani ndi dzina lanu, chotsani zomwe munaika mu update-alternatives, kenako bwezerani kalozera:

sudo update-alternatives --remove-all python3
sudo ln -sf python3.12 /usr/bin/python3

Imeneyo ndi ya 24.04. Pa 22.04 ndi python3.10, pa 20.04 ndi python3.8.

Tadala:
Ndabwera ndi lipoti. Ndasankha deadsnakes chifukwa apt ndimaidziwa kale ndipo batire la laputopu yanga silingapirire kumanga. python3.10 --version ikuyankha, python3 --version ikadali 3.12, Terminal ikutseguka. Ndapanga venv ndi python3.10, ndatsegula pyvenv.cfg monga munanenera a Mbewe, ndipo mivi ikuloza ku /usr/bin/python3.10. mysqlclient inakana poyamba mpaka nditaika pkg-config ndi default-libmysqlclient-dev, kenako inalowa. runserver yayamba popanda setuptools ija.

Koma VS Code ikulemba mizere yofiira pansi pa import django ngakhale mu terminal zikuyenda.

Kondwani:
VS Code ikuyang'ana Python ina. Ctrl+Shift+P, lembani Python: Select Interpreter, musankhe ya .venv/bin/python ya mu foda yanuyo. Imakumbukira pa pulojekiti iliyonse payokha.

Ndipo poti mwatchula seva, ngati kumeneko kuli cron kapena systemd yoyendetsa pulogalamuyo, onetsetsani kuti analemba njira yonse, monga /srv/pulojekiti/.venv/bin/python, osati python3 chabe. cron siyatsa venv ndipo PATH yake ndi yaifupi. Mukaitana python ya mu .venv/bin mwachindunji, activate siifunika n'komwe. Ndikunena izi chifukwa tsiku lomwe wina adzakweze seva imeneyo kupita pa 24.04, zomwe zachitika pa laputopu yanu zidzachitikanso kumeneko.

Tadala:
Limenelo ndiye landiopsa. Ndikayang'ana mawa m'mawa. Funso lina: mnzanga wa kuntchito nayenso akufuna kukonza laputopu yake koma intaneti ya kuofesi ndi yovuta. Ndingamukopere foda ya .venv pa flash?

Chisomo:
Ayi asisi, venv siyenda ulendo. Mkati mwake mwalembedwa njira za pa makina anu, mpaka dzina la foda yanu ya home lili pamwamba pa tima script ta mu bin. Chomwe mungamutengere ndi mapukusi. Muli mu venv ya 3.10 lembani:

python -m pip wheel -r requirements.txt -w mawilo

Foda ya mawilo ija ikani pa flash. Iye apange venv yake ndi python3.10, kenako:

python -m pip install --no-index --find-links mawilo -r requirements.txt

Sizikhudza intaneti n'komwe. Koma taonani maina a mafayilo mu fodayo. Ena akuthera ndi py3-none-any, amenewo amalowa pa Python 3 iliyonse yomwe phukusilo limalola. Ena ali ndi cp310 ndi linux kapena manylinux, amenewo ndi a 3.10 pa Linux basi. Ngati mnzanuyo ali pa Windows kapena pa 3.12 adzakana. mysqlclient yomwe yamangidwa pa makina anu idzafunanso library ya MySQL ikhalepo pa makina ake, imeneyo aike ndi apt.

Limbani:
Funso lomwe sitinafunse: mukhala pa 3.10 mpaka liti? Kuyambira pa 3.9 Python imatuluka chaka chilichonse mu Okutobala ndipo iliyonse imasamalidwa zaka zisanu. 3.10 inatuluka mu 2021, ndiye zokonza chitetezo zikutha mu Okutobala 2026. Django 3.2 ndiye inasiya kale kusamalidwa mu Epulo 2024. Amene tinaona Python 2.7 ikutsekedwa pa 1 Januwale 2020 tikukumbukira momwe makampani anathamangira mochedwa.

A Mbewe:
Limbani wanena zoona, ndipo apa ndi pomwe ma Python awiri aja akuthandizeni koposa kungoyatsa runserver. Musasinthe Django ndi Python nthawi imodzi, chifukwa chikagwa simudziwa chagwetsa n'chiti. Django 4.2 imayenda pa 3.10 komanso pa 3.12. Ndiye khalani pa 3.10, pangani nthambi ina mu git, kwezani Django kuchoka pa 3.2 kupita pa 4.0, 4.1, mpaka 4.2, mukukonza machenjezo pa sitepe iliyonse. Yatsani ma test ndi python -Wa manage.py test kuti machenjezowo aoneke. Zikakhazikika, pangani venv yachiwiri mu foda yomweyo:

python3.12 -m venv .venv312

Ikanimo requirements omwewo, yendetsani ma test omwewo. Code imodzi, ma Python awiri, mukuyerekeza. Zikadutsa ponse pawiri ndiye mwakonzeka kukweza seva. Kuchokera pamenepo Django 5.2 ili pafupi, nayonso imalola 3.10 ndi 3.12.

Tadala:
Ma test mulibe a Mbewe. Munthu uja sanalembe ngakhale imodzi, tests.py ili ndi mzere umodzi wa import basi.

A Mbewe:
Ndiye yambirani pamenepo musanakweze chilichonse. Simukufunika ambiri. Lembani ya kulowetsa katundu, ya kutulutsa katundu, ya kukana kutulutsa woposa yemwe alipo, ndi ya lipoti la pamwezi lomwe abwana anu amaliwerenga. Muwalembe pa 3.10 ndi Django 3.2 momwe zilili lero, kuti akhale umboni wa momwe pulogalamuyo ikuchitira panopa. Mukalemba yoyamba itumizeni pagulu pano tiione limodzi.

Tadala:
Chabwino. Mawa ndiyamba ndi cron ya pa seva, kenako test ya kutulutsa katundu. Ma venv awiriwo ndawaika kale mu .gitignore.

Thoko:
A Kondwani, ya mng'ono wanga ija yathekanso, Store yasiya kutseguka. Koma iye ali ndi laputopu inanso yakale ya Windows 7, installer ya 3.10 ikukana kuyamba.

Kondwani:
Pa Windows 7 yomaliza ndi Python 3.8, kuyambira 3.9 imafuna Windows 8.1 kapena yoposa. 3.8 nayo inasiya kusamalidwa mu Okutobala 2024. Ngati phunzirolo likufuna 3.10, pa makina amenewo aikepo Linux yopepuka monga Xubuntu kapena Linux Mint ya Xfce, bola laputopuyo ikhale ya 64-bit. Xubuntu 22.04 imabwera ndi 3.10 kale.